Mutu 7: Khadi la Binali

1. Makalata awiri

Mwayi ukabwera kamodzi, munthu amangoulandira ndi manja awiri. Mutu umayamba kuwawa ukabwera kawiri tsiku limodzi. Izi ndi zimene zinamuonekera Rozina Kamwendo.

Rozina anali namwino pa kiliniki ina yaing'ono ku Zandspruit, mu mzinda wa Joni. Anabadwira ku Dedza, koma anabwera kuno ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atagwira chitenje cha mayi ake ulendo wonse wa pabasi. Sukulu anaphunzira konkuno, digiri ya unamwino anaitenga konkuno, ndipo tsopano anali atagwira ntchito zaka zitatu.

Chaka chimenecho anafunsira malo ku yunivesite kuti akachite digiri yachiwiri, ija amati masitazi. Poopa kukanidwa, anafunsira maphunziro a mitundu iwiri. Ndiye taonani, konse kuwiri anamutenga.

Kalata yoyamba inali ya maphunziro a kayendetsedwe ka zipatala. Womaliza amenewa amakhala mu ofesi. Amakonza kagwiridwe ka ntchito ka anamwino ndi madokotala, n'kumaonetsetsa kuti mankhwala ndi zipangizo zisathe. Kalata yachiwiri inali ya maphunziro a umoyo wa anthu m'madera. Womaliza amenewa amayenda. Amafufuza kumene matenda akuchokera, chimene chikuwafalitsa, ndi mmene angawatsekerezere asanafike pakhomo la chipatala.

Yankho linkafunika Lachisanu la sabata yotsatira lisanathe, ndipo munthu ankayenera kusankha kumodzi.

Rozina sanakhale manja lende. Anafunsa anthu awiri amene anachita kale maphunzirowa. Anawerenga zimene adzaphunzire chaka ndi chaka, anaonanso ntchito zimene munthu angapeze akamaliza. Zonse zinali zabwino, ndipo vuto linali lomwelo. Mtima wake unkapendekera ku kalata yachiwiri, koma akafunsidwa chifukwa chake ankangomwetulira, osayankha zomveka.

Mayi ake, a Nachisale, ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Anamvetsera zonse akusita yunifolomu ya mwana wawo.

"Mapanga awiri avumbwitsa, mwananga," anatero. "Sankha kumodzi. Koma usayankhe amalume ako asanalankhule. Ine ndinangokubereka, mwinimbumba ndi iwowo."

Mwambowu anthu a ku Dedza sanausiye pachipata cholowera m'dziko la eni. Mwana wa mlongo ndi mbumba ya malume, ndipo nkhani yaikulu siidumpha malume. Komanso a Ambrose sanali malume wa dzina lokha. Bambo a Rozina atamwalira, ndi iwo amene anaitanitsa mlongo wawo ndi mwana kuti abwere ku Joni. Ndi iwonso amene anamugwira dzanja kukamusiya kusukulu tsiku loyamba. Rozina ankawakonda, ndipo sankafuna digiri imene ingamulekanitse nawo.

2. Mawu a mwinimbumba

A Ambrose anagwira ntchito m'migodi zaka makumi awiri. Tsopano ankasamala munda wa maluwa panyumba ina ku Randburg, ndipo ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumbayo.

Anafika Loweruka masana atavala jekete, ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Anakhala pampando wokhawo wokhala ndi potsamira, anavala magalasi, n'kuwerenga makalata onse awiri, chala chikutsata mzere. Atamaliza anaika yoyamba pabondo, yachiwiri anaibweza kwa mwini wake.

"Nkhani yatha," anatero. "Ofesi."

"Amalume, ndimati mwina tikanaonanso inayi."

"Ayikhona, Rozina! Khala pansi umve. Ine ndinalowa pansi pa nthaka ndili mnyamata wopanda ndevu. Mayi akowa akolopa nyumba za eni mpaka maondo achita zikang'a. Ukuganiza tinkachitira chiyani zimenezi? Tinkafuna kuti iwe usadzapondenso matope amene tinaponda ife.

"Kuno ku Joni Mmalawi amadziwika ndi zinthu zitatu: fosholo, tsache, ndi chibonga cha mlonda. Si ntchito zochititsa manyazi, ndi zimene zakulera. Koma ine ndikufuna ndisanafe ndione mmodzi wa ife atakhala pamene amalamula. Lero akukupatsa mpando umenewo, iwe ukuti ayi, ndibwerere m'tinjira ta m'mikhukhu, tizisakasa tamalata tija, ndikafunefune anthu odwala. Nzeru zimenezo wazitenga kuti?

"Ndikuuze chinanso. Anthu sathokoza. Lero uwathandiza, akutcha mngelo. Mawa apolisi akabwera kudzafunsa mapepala, anthu omwewo adzati ndi mwana wa Nachisale uja, ankatilemba mayina. Udzayenda m'makomo mpaka nsapato kutha, udzapuma mpweya wa odwala, ndipo pamapeto pake udzatsala ndi chiyani? Dzina loipa basi.

"Ndiwe wamkulu, sindingakumange miyendo. Koma ukasankha za m'matopezo, dziwa kuti wasankha wekha. Nkhani zako usadzabwerenso nazo kwa ine."

A Nachisale anayang'ana pansi. Rozina anamva kuwawa mumtima, chifukwa mawuwo sanachokere m'chidani, anachokera m'chikondi cha munthu amene anavutika.

"Ndamva, amalume," anatero.

"Lachinayi masana udzandipeze kuntchito, udzandiuze chimene wasankha." Atatero anavula magalasi, n'kupempha tiyi ngati palibe chimene chachitika.

3. Benchi la kuseri kwa holo

Mpingo umene Rozina ankapemphera unali wa Amalawi, ndipo unkasonkhana mu holo ina ku Kya Sand. Mapemphero akatha, kuseri kunkayamba msonkhano wina. Anthu ankandanda pabenchi, Rozina n'kutulutsa makina ake awiri, oyezera kuthamanga kwa magazi ndi oyezera shuga. Onse ankamutchula kuti adokotala. Iye anayesa kuwauza kuti ndi namwino mpaka anatopa. Dzina likamera pamunthu silizulika.

Lamulungu limenelo, ali mkati moyeza mayi wina, kunamveka khu! Anali a Julius, bambo wa ku Ntcheu amene ankalondera fakitale ina konko ku Kya Sand. Anali atagwa pabenchi, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, mawu akutuluka mokoka.

"Eish, madala alawa kale m'mawa uno?" anatero mnyamata wina.

"Usanene choncho, a Julius samwa," anatero mayi wina. "Izi n'ziwanda, tiwapempherere."

"Pempherani, koma mundipatse malo," anatero Rozina.

Anawabaya chala n'kuyeza. Shuga anali atatsika kwambiri. Poona kuti akutha kumeza, anaitanitsa shuga wa tiyi wa mpingo, anasungunula masupuni atatu m'kapu ya madzi, n'kuwamwetsa pang'onopang'ono. Anawapatsanso buledi. Pasanapite nthawi a Julius anadzuka n'kuyamba kufunsa kumene kwapita chipewa chawo.

"Abambo, mumadwala shuga?" anafunsa Rozina.

"Ine? Ayi, chibadwire sindinadwalepo."

"Nanga pali mankhwala amene mukumwa?"

A Julius anapisa m'thumba n'kutulutsa kapepala ka mapilitsi. Anali mapilitsi otsitsa shuga. Pamwamba panalembedwa dzina lakuti Binali Saidi.

"Binali ndi ndani?"

"Ndine," anatero a Julius, akukanda kumutu. "Ndiye kuti, kuchipatala ndine."

Anthu pabenchipo anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa anthu odziwa nkhani. Rozina yekha ndi amene anali mlendo.

"Mverani, adokotala," anatero a Julius. "Binali ndi mnzathu wa payadi pamene timakhala. Anapita kumudzi mu Malichi, khadi lake la kukiliniki anatisiyira. Amene wadwala amatenga. Ine ndinapita ndi chizungulire. Nesi anatsegula fayilo, akuti, Baba Binali, mapilitsi anu a shuga anatha kalekale, bwanji simutenga ena? Anandiyeza, akuti shapu, shuga ali bwino, pitirizani kumwa. Ine ndikanati chiyani? Ndikanati sindine Binali? Ndinangoti yebo, sista. Nanga mankhwala si mankhwala?"

Rozina anagwira pakamwa. Munthu wopanda matenda a shuga anali atamwa mapilitsi a shuga masabata atatu, ndipo tsiku limenelo anabwera kutchalitchi osadya kanthu.

"Mapilitsiwa musamwenso," anatero. "Mawa m'mawa tipitira limodzi. Mudzatenge khadilo."

4. Munthu wa matupi ambiri

Lolemba Rozina anasinthana nthawi ya ntchito ndi mnzake, n'kuperekeza a Julius ku kiliniki ya kufupi ndi Kya Sand. Kumeneko anapeza Sista Mokoena, namwino wamkulu, mayi wa imvi ndi mawu aakulu. Ankalankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu, Rozina n'kumamasulira a Julius.

Atamva nkhaniyo, Sista Mokoena anaitanitsa fayilo ya Binali. Inali yonenepa kuposa Baibulo la a Julius. Anaitsegula, anawerenga, kenako anaseka mpaka misozi.

"Binali ameneyu wandizunguza mutu chaka chonse," anatero. "Mu Epulo ankalemera makilo 91. Mu Meyi 60. Mu Julayi anatalika. Dzino limene tinamuchotsa mu Juni, mu Ogasiti linali litameranso ndipo likuwawa. Ine ndinkati sikelo yathu yafa!"

Koma atafika patsamba lomaliza, kuseka kunatha. Panali pepala limene analizunguliza ndi cholembera chofiira.

"Masabata awiri apitawa Binali anabwera ndi chifuwa. Tinamupatsa kabotolo kuti alavuliremo makhololo. Zotsatira zinabwera. Ali ndi chifuwa chachikulu, TB. Takhala tikuimba foni imene ili m'fayilomu, koma sikupezeka."

Rozina atamasulira, a Julius anaimirira.

"Hayibo! Ine sindinalavulire m'botolo la munthu. Ine changa chinali chizungulire basi."

"Ndiye analavulira ndani?" anafunsa Sista Mokoena.

Penapake mu mzindawo panali munthu wodwala TB amene sankadziwa, ndipo chipatala chinkamudziwa ndi dzina la Binali, amene anali kwawo ku Machinga.

Sista Mokoena anatenga khadi latsopano n'kufunsa a Julius dzina lawo lenileni. "Pano sitibweza munthu wodwala, baba," anatero. "Koma sindingachize munthu amene sindikumudziwa. Mukawauze anzanuwo."

A Julius ali kokayezedwa, Rozina anauza Sista Mokoena za makalata ake awiri aja. Mayiyo anamvetsera akutseka fayilo.

"Mwana wanga, ine ndagwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ndikuuze zoona, mu ofesi mukufunika anthu abwino. Wa mu ofesi akagona, ine pano ndilibe magolovesi, ndilibe mankhwala. Usamanyoze ofesi. Koma wa mu ofesi amaona zimene zalembedwa m'fayilo. Fayilo iyi inandiuza bodza chaka chonse, ndipo amene wandiuza zoona ndi iwe, chifukwa umakhala nawo pabenchi ndipo umamva chilankhulo chawo. Posankha maphunziro usayambe ndi kufunsa kuti ndidzakhala pampando wotani. Udzifunse kuti ndi vuto liti limene limandisowetsa mtendere. Limenelo ndilo udzalipirire kuliwerenga zaka ziwiri osatopa."

Rozina anathokoza. Anapempha chilolezo chopita kuyadi kuja kukafufuza, ndipo Sista Mokoena anavomera ndi mtima wonse.

5. Kuyadi kwa a Yakub

Lachiwiri ataweruka, dzuwa lidakalipo, Rozina anakwera takisi kupita ku Kya Sand. Yadiyo inali ya zipinda zisanu ndi chimodzi zamalata, mpopi umodzi pakati. Mkulu wa pamenepo anali a Yakub, telala wa ku Machinga, amene anagwirapo ntchito mumgodi umodzi ndi a Ambrose. Ankamudziwa Rozina kuyambira ali mwana.

Anamulandira pakhonde pamene panali makina awo osokera. Pamwamba pa zenera panali chitini cha mabisiketi. M'menemo ndi mmene munkakhala khadi la Binali, pamodzi ndi mabatani ndi singano.

A Julius anali atasonkhanitsa kale anzawo atatu: Amin wogulitsa zipatso, Macdonald womanga nyumba, ndi Shafii wa kufakitale ya mapulasitiki. Onse anavomera kuti anakhalapo Binali. Wa dzino anali Amin. Wa makilo 91 anali Macdonald, ndipo anadzigwira pamimba monyadira. Koma za kabotolo ka makhololo onse anakana, ndipo Rozina atawayang'ana anaona kuti sakunama.

"Mwana wanga, usatione ngati zitsiru," anatero a Yakub, ataimitsa makina. "Munthu akafika kuno alibe pepala, amaopa malo alionse amene pali tebulo ndi cholembera. Wina anapitako ndi dzina lake, anakamukalipira m'chilankhulo chimene sanachimve, anabwerako ndi manyazi pamodzi ndi matenda ake omwewo. Binali anali ndi mapepala abwino. Popita kumudzi anati, khadili likhale la tonse. Ife tinaona ngati chifundo, monga timabwerekana njinga kapena jekete la ku ukwati. Kwathu buku la kuchipatala umasunga wekha, ukafika amakufunsa za lero. Sitinadziwe kuti kuno fayilo imasunga zonse, n'kumapatsa mnzako matenda ako. Tikanamupha Julius ndi chifundo chathuchi, Mulungu atikhululukire."

Rozina sanawakalipire. Anakhala pandowa yovundikira n'kuwafotokozera m'Chichewa chosavuta. Anati TB imachizika munthu akamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Anati imafala ndi mpweya, makamaka m'zipinda zazing'ono zotseka mazenera, choncho onse a payadipo ankayenera kukayezetsa. Anawauzanso mawu a Sista Mokoena, kuti aliyense apite ndi dzina lake.

Mafunso anagwa ngati mvula. Kodi akatifunsa pasipoti? Kodi abwana akamva sandichotsa ntchito? Kodi mankhwalawo munthu angamwe pa nthawi ya kusala? Zimene ankadziwa anayankha. Zimene sankadziwa ananena poyera kuti sakudziwa, n'kuzilemba kuti akafunse. Pomaliza anagwirizana kuti Lachitatu m'mawa onse apita, a Julius patsogolo, poti iwo tsopano anali ndi khadi lawolawo ndipo ankalionetsa kwa aliyense.

Potsanzikana, a Yakub anamuperekeza mpaka pageti.

"Chitinicho chili poyera," anatero motsitsa mawu. "Si a payadi pano okha amene anatengapo khadi. Alendonso amabwera."

"Mukumudziwa munthuyo, abambo?"

"Chinsinsi cha mnzanga sindingachipereke. Koma mawu ako ndimufikitsira monga wanenera."

M'takisi pobwerera, Rozina anali wotopa, nsapato zitayera ndi fumbi. Koma anali wosangalala kwambiri, mpaka mayi amene anakhala naye pafupi anamufunsa ngati wapeza chibwenzi. Tsopano ankadziwa kalata imene adzayankhe, ndipo ankadziwa chifukwa chake. Chimene chinatsala chinali kukauza amalume.

6. M'munda wa maluwa

Lachinayi masana anawapeza a Ambrose akudulira maluwa m'mbali mwa mpanda. Munda wawo unali waukhondo, udzu wometedwa bwino, palibe tsamba limodzi pansi. Anamuloza kuti akhale pampando wamatabwa pansi pa mtengo, iwo n'kupitiriza ntchito.

Rozina sanakhale pampando. Anagwada paudzu monga anaphunzitsidwira.

"Amalume, mawu anu ndinawamva, ndipo sindinawataye. Koma ndasankha za umoyo wa anthu m'madera. Yankho sindinatumize, chifukwa ndimafuna mumve kaye kuchokera pakamwa panga."

Sizasi ya maluwa inapitiriza kulira, khwa, khwa. A Ambrose sanatembenuke.

Rozina anafotokoza zonse: kugwa kwa a Julius, fayilo yonenepa, chitini cha mabisiketi, ndi pepala lozungulizidwa ndi cholembera chofiira. Anati dzulo amuna onse a payadi anakalembetsa mayina awo. Anati mayadi ngati amenewo alipo mazanamazana mu Joni, ndipo iye akufuna kuphunzira mmene angawafikire onse, osati benchi limodzi lokha. Ankadziwa chimene akutaya.

Sizasi inasiya kulira.

"Munthu wa botoloyo mwamupeza?" anafunsa a Ambrose, akuyang'anabe maluwa.

"Ayi."

"Akapanda kupezeka?"

"Adzadwala kwambiri, ndipo adzapatsira amene amakhala nawo pafupi. Mwinanso adzafa ndi matenda ochizika."

"Akapezeka?"

"Achira, amalume. Bwinobwino."

A Ambrose anaika sizasi pansi. Anavula magolovesi, anawapinda, n'kukhala pampando uja.

"Yakub anandiimbira dzulo," anatero. "Makhololo aja anali anga."

Rozina anadzutsa mutu n'kuwayang'ana.

"Chifuwachi chandivuta miyezi iwiri. Ndikabwera kwanu ndimayamwa switi wa chifuwa kuti musamve. Mapepala anga ali bwino, sindinkaopa zimenezo. Kiliniki imene ndinalembetsa kale ndi yakoyo, ya ku Zandspruit. Ndinati ine, mwinimbumba, ndikakhale pabenchi ndikutsokomola, mwana wa mlongo wanga adzandiitane dzina pagulu, andikweze pasikelo? Ndinati ayikhona. Ndinapita kwa Yakub ngati ndikukasewera bawo, n'kutenga khadi."

Anapukusa mutu n'kuseka pang'ono, kudziseka okha.

"Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ndinakhala pamaso pako Loweruka ndikulalikira kuti usamafunefune anthu odwala, pamene wofunidwayo ndine. Ukanandimvera, bwenzi pano akuimbabe foni ya Binali."

Misozi inatsika m'masaya a Rozina. Anali ndi mantha, anali ndi chisoni, koma analinso ndi chimwemwe chachikulu, chifukwa munthu amene ankamufuna uja anali atapezeka, ndipo anali wamoyo.

"Pepani, amalume," anatero.

"Pepani wa chiyani? Tulutsa foni yakoyo. Uwayankhe a kuyunivesitewo pompano, ine ndikuona. Za ofesi ndinanena zoona, ndipo tsiku lina ndidzakukumbutsa. Koma maphunziro awa upite, ndakuloleza ndi mtima wanga wonse."

Rozina anatulutsa foni n'kulemba yankho. Anawerengera amalume ake mokweza, iwo anagwedeza mutu, iye n'kutumiza.

"Mawa m'mawa tipita kwa Sista Mokoena," anatero akupukuta m'maso. Tsopano amene ankalankhula anali namwino. "Mukayambe mankhwala mawa lomwelo. Koma pali china. Loweruka munakhala m'chipinda chathu masana onse, zenera lili lotseka. Ndiyenera kukayezetsa ine, ndipo amayi nawonso."

Nkhope ya a Ambrose inasintha. Munthu amene anatsikira pansi pa nthaka zaka makumi awiri osaopa anali ndi munthu mmodzi yekha amene ankamuopa padziko lapansi, ndipo anali mlongo wake wamng'ono.

"Nachisale asamve kaye. Tidikire sabata ya mawa."

"Sizidikira, amalume."

Nthawi yomweyo belu la pageti linalira. A Nachisale ankagwira ntchito misewu itatu kuchokera pamenepo, ndipo mtima sunawalole kudikira mpaka madzulo kuti amve mmene nkhani yathera. Anali ataima kuseri kwa zitsulo za geti, atavala epuloni, akusuzumira kuti aone ngati nkhope za awiriwo zili zamtendere.

Rozina anafuna kudzuka, koma amalume ake anamuletsa ndi dzanja.

"Iwe khala. Nkhani iyi ndi yanga."

Anavula chipewa, anayenda pang'onopang'ono mpaka pageti, n'kutsegula. A Nachisale anatambasula dzanja kuti apereke moni, koma a Ambrose anabwerera m'mbuyo mapazi awiri.

"Ima pomwepo, mlongo wanga," anatero. "Mwana wathu wasankha bwino. Tsopano umve zimene ndachita ine."